Kusindikiza Sikufalitsa: Malangizo kwa Mlembi Wofuna Kudzitulutsira Buku Loyamba

Mawu Oyamba

M'Chichewa timagwiritsa ntchito mneni mmodzi, "kusindikiza", ponena za ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi ya makina: kudinda zilembo papepala, kudula mapepalawo ndi kuwamanga pamodzi kuti akhale buku. Yachiwiri ndi yaikulu kuposa apo: kukonza zolemba, kuziyala bwino m'masamba, kukwaniritsa zofuna za malamulo, kuika mtengo woyenera ndi kuonetsetsa kuti buku lafika m'manja mwa owerenga. M'nkhani ino ntchito yoyambayo tiitchula kuti kusindikiza ndipo yachiwiriyo tiitchula kuti kufalitsa.

Kusiyanitsa ntchito ziwirizi si nkhani ya galamala chabe. Mlembi amene amaziona ngati ntchito imodzi amathamangira kwa wosindikiza akangolemba tsamba lomaliza. Akalandira makatoni ake amakondwa, koma pakapita miyezi ingapo mabukuwo amakhala akadali kunsi kwa bedi, chinyezi ndi chiswe zikuwadya, ngongole isanabwezedwe. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti wodzitulutsira buku amasenza yekha ntchito zonse za kampani yofalitsa mabuku, ndipo kuti kupita kwa wosindikiza ndi gawo limodzi chabe, lomwenso liyenera kubwera mochedwa.

Chifukwa Chake Alembi Akudzitulutsira Mabuku

Kwa zaka zambiri mabuku a m'Malawi muno ankatuluka kudzera m'mipingo ndi m'makampani owerengeka. Makina a ku Nkhoma, ku Likuni ndi a Montfort ku Limbe, komanso makampani monga CLAIM, Dzuka ndi Popular Publications, ndiwo anatulutsa mabuku ambiri amene makolo athu anawerenga. Kuyambira mu 1968 panalinso lamulo lopatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa zolembedwa, ndipo mpaka pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994, mlembi ankalemba akuyang'ana kumbuyo.

Lero mantha aja anachepa koma vuto la msika lilipobe. Kampani yofalitsa mabuku imafuna kubweza ndalama zake, ndipo msika wodalirika m'dziko muno ndi wa mabuku a sukulu, amene amaunikidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mlembi wachinyamata wobwera ndi ndakatulo kapena nthano zazifupi sapeza khomo lotsekuka msanga. N'chifukwa chake ambiri amasankha kudzitulutsira okha. Njirayi si yachilendo kapena yochititsa manyazi. Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College, anakhazikitsa WASI Publications ku Zomba natulutsirako mabuku ake, kuphatikizapo The Wrath of Napolo m'chaka cha 2000. Chofunika kudziwa n'chakuti walira mvula walira matope: ufulu wodzisankhira zonse umabwera ndi udindo wolipira zonse.

Gawo Loyamba: Kukonza Zolemba

Palibe mlembi amene angakhale mkonzi wa zolemba zake. Maso ake amawerenga zimene ankafuna kulemba osati zimene zili papepala. Choncho akamaliza kulemba, ndi bwino aziike padera kwa milungu ingapo, kenako aziwerenge mokweza mawu. Khutu limagwira chiganizo chopunduka chimene diso linachilumpha. Akatero azipereke kwa anthu awiri kapena atatu odziwa zolemba, amene sangaope kunena zoona. Mayi ake a mlembi kapena bwenzi lake lapamtima angayamikire chilichonse, ndipo kuyamika kotereku sikukonza buku.

Kukonza kuli pamitundu itatu ndipo iyenera kutsatana. Poyamba pali kuunika nkhani yonse: kodi mutu wachitatu ukufunikadi? Kodi mtengambali amene anamwalira pakati pa nkhani sakuyankhulanso kumapeto? Kachiwiri pali kukonza ziganizo, mgwirizano wa mayina ndi aneni, ndi kasankhidwe ka mawu. Kachitatu pali kusaka zolakwika zazing'ono masamba atayalidwa kale. Kuyamba ndi mipumiro ndi mipatuliro nkhani yeniyeniyo isanakhazikike kuli ngati kuzira nyumba yopanda denga.

Wolemba m'Chichewa ali ndi ntchito yoonjezera. Mapulogalamu ambiri a kompyuta sadziwa Chichewa, motero sangamuchenjeze akalakwitsa, ndipo nthawi zina amasintha okha mawu kuti afanane ndi a Chingerezi. Komatu chilembo chimodzi chimasintha tanthauzo. "Kola" si "khola", ndipo "ngoma", nyama ya m'tchire, si "ng'oma" yovinira. Palinso mawu amene anthu amalemba mosiyanasiyana, monga "mau" ndi "mawu", "ku Zomba" ndi "kuZomba", "mnyumba" ndi "m'nyumba". Mlembi asankhe kalembedwe kamodzi motsogozedwa ndi malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board. Akasankha, alembe zisankho zakezo patsamba limodzi n'kupereka tsambalo kwa aliyense amene adzagwire zolembazo. Atengambali angayankhule Chichewa cha kwawo, kaya cha ku Ntcheu, cha ku Nkhotakota kapena cha m'tauni, koma mawu a wofotokoza nkhani asamasinthesinthe popanda chifukwa.

Mkonzi wabwino amalipidwa, ndipo ndalama zake zikhale zoyamba pa bajeti. Amene thumba lake ndi loperewera angathe kusinthana ntchito ndi mlembi mnzake, kupempha mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Chingerezi, kapena kufunsa ku Malawi Writers Union za anthu odziwa ntchitoyi.

Gawo Lachiwiri: Kuyala Masamba ndi Kukonza Chikuto

Wogula amayamba kuweruza buku asanawerenge chiganizo n'chimodzi chomwe. Amaona chikuto, kukula kwa zilembo ndi mmene masamba akhalira. Kwa buku loyamba, msinkhu wa A5, womwe ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndi wosavuta chifukwa ndi theka la pepala la A4 ndipo sutayitsa mapepala podula. Zilembo zikhale za mtundu umodzi wowerengeka bwino, ndipo mbali ya mkati ya tsamba isiyidwe mpata wokwanira kuti mawu asamezedwe pomanga buku. Mapulogalamu aulere monga LibreOffice ndi Scribus amatha ntchitoyi. Zonse zikatha, wosindikiza apatsidwe fayilo ya PDF, chifukwa fayilo ya Word imasintha maonekedwe ikatsekulidwa pakompyuta ina.

Apanso Chichewa chili ndi msampha wake. Kompyuta imadula mawu kumapeto kwa mzere potsata malamulo a Chingerezi, pamene phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Mawu akuti "nkhani" adulidwe kuti "nkha-ni" osati "nk-hani". Njira yachidule ndi kuzimitsa kudula kwa kompyutako ndi kudula pamanja pamene pakufunikira.

Chiwerengero cha masamba chimakhudza mtengo. Kabuku kakang'ono komangidwa ndi masitepulo kamafuna masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi lopindidwa limapereka masamba anayi. Makina aakulu amadinda masamba 16 kapena 32 papepala limodzi lalikulu, kotero buku la masamba 98 lingadule kwambiri kuposa la masamba 96 chifukwa cha masamba awiri okha. Buku lonenepa limamangidwa ndi guluu ndipo limakhala ndi msana, pomwe pamalembedwa mutu ndi dzina la mlembi. Kukula kwa msanawo kumadalira kuchuluka kwa masamba ndi mtundu wa pepala, motero chikuto chimalizidwe masamba atadziwika. Zithunzi zikhale za 300 dpi kuti zisatuluke zachimbuuzi, ndipo zisangotengedwa pa intaneti, popeza nazonso zili ndi eni ake. Kulipira wojambula wa m'dera lanu kumapatsa buku nkhope yakeyake.

Gawo Lachitatu: Zofuna za Malamulo

Pali zinthu zitatu zimene alembi atsopano amazisokoneza. Choyamba ndi nambala ya ISBN. Iyi ndi nambala yozindikiritsa buku padziko lonse, ndipo kuyambira mu 2007 imakhala ndi manambala 13. Mabuku a ku Malawi amayamba ndi 978-99908 kapena 978-99960, ndipo nambalayi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Iyenera kutengedwa buku lisanapite kwa wosindikiza kuti idindidwe kuseri kwa tsamba la mutu ndi kumbuyo kwa chikuto. Buku lapepala ndi lowerengera pafoni kapena pakompyuta amafuna manambala osiyana ngakhale mawu ake ndi amodzimodzi. Buku lopanda ISBN limavuta kulilowetsa m'masitolo aakulu ndi m'kaundula wa nyumba zowerengeramo mabuku.

Chachiwiri ndi lamulo lotchedwa Printed Publications Act. Lamuloli limafuna kuti buku lisonyeze dzina ndi keyala ya wosindikiza ndi wofalitsa, ndiponso kuti kope limodzi liperekedwe ku National Archives pasanathe miyezi iwiri buku litatuluka. Ena amaona ngati kumeneku n'kutaya kope, koma kope limeneli ndilo lidzapezeke ndi ofufuza patapita zaka makumi asanu, makope ena onse atatha.

Chachitatu ndi umwini wa zolemba. ISBN siteteza umwini. Umwini umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo umayamba pamene ntchitoyo yalembedwa. Umakhalapo moyo wonse wa mlembi ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Komabe n'kwanzeru kulembetsa ku Copyright Society of Malawi, bungwe limene ambiri amangolidziwa kuti COSOMA namaliyesa la oimba okha. Bungweli limatoleranso ndalama kwa ochita fotokope mabuku n'kugawira eni mabukuwo, ndipo wosalembetsa sangayembekeze gawo. Lamulo lomweli limamanganso mlembi: sangaike m'buku lake ndakatulo, nyimbo kapena chithunzi cha munthu wina popanda chilolezo. Wofuna kusonkhanitsa nthano kapena nyimbo za makolo kuti agulitse ayambe wafunsa ku COSOMA, chifukwa lamulo linaika umwini wa chuma chamakolo chotere m'manja mwa boma. Safunsa anadya phula.

Gawo Lachinayi: Kusankha Wosindikiza ndi Chiwerengero cha Makope

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zosindikizira. Makina aakulu ogwiritsa ntchito mapuleti amadula poyambira, koma mtengo wa kope limodzi umatsika makope akachuluka. Makina a digito amadinda molunjika kuchokera pakompyuta, ndipo amalola makope ochepa, ngakhale 50 kapena 100, pamtengo wa kope limodzi wokwererapo. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Akamva kuti makope 1,000 amatsitsa mtengo wa kope limodzi, amakongola ndalama kuti asindikize ochuluka. Koma kope lotsika mtengo limene silinagulidwe ndi lodula kuposa kope lokwera mtengo limene lagulidwa. Kwa buku loyamba ndi bwino kuyamba ndi makope ochepa ndi kusindikizanso akatha. Njirayi imapatsanso mwayi wokonza zolakwika zimene owerenga oyamba apeza.

Mlembi atenge makotesheni kwa osindikiza osachepera atatu, ndipo onse awauze zofanana: msinkhu wa buku, masamba, mtundu wa pepala la mkati ndi la chikuto, kamangidwe ndi chiwerengero cha makope. Apemphe kuona mabuku amene anasindikizapo kale, awatsekule mwamphamvu kuti aone ngati masamba sakuthothoka. Afunsenso kuti kotesheniyo ikhala masiku angati. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mitengo imatsata mphamvu ya kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zoterezi mtengo wa mwezi watha sugwiranso ntchito. Mgwirizano ulembedwe papepala, malipiro agawidwe pawiri, ndipo makope onse asadindidwe mlembi asanaone ndi kusainira kope limodzi loyesera.

Gawo Lachisanu: Kuika Mtengo

Kulakwitsa kofala ndi kuwerengera mtengo wa buku kuchokera pa ndalama za wosindikiza zokha. Tiyeni tione chitsanzo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke.

Tinene kuti mlembi walipira mkonzi K150,000, woyala masamba ndi wojambula chikuto K100,000, ndipo maulendo, mayunitsi ndi zina zazing'ono zadya K50,000. Wasindikiza makope 200 pa K4,000 kope limodzi, zomwe ndi K800,000. Zonse pamodzi ndi K1,100,000. Mwa makope 200 aja, 20 apita ulere ku National Archives, kwa atolankhani, kwa mkonzi ndi ku nyumba zowerengeramo mabuku. Otsala ogulitsa ndi 180, kutanthauza kuti kope lililonse lamudyera ndalama zoposa K6,100, osati K4,000.

Mlembi woyang'ana lisiti la wosindikiza lokha angaike mtengo wa K6,000 poganiza kuti akupindula K2,000 pa kope. Atagulitsa makope onse 180 apeza K1,080,000, ndiye kuti waluza K20,000 ngakhale buku latha. Akaika K10,000 n'kumagulitsa yekha, ndalama zake zibwerera pa kope la 110. Koma akapereka kusitolo imene imatengapo magawo 30 pa 100 alionse, iye alandira K7,000 pa kope, ndipo afunika kugulitsa makope 158 kuti angobweza zimene analowetsa. Funso lotsatira ndi lakuti: kodi owerenga amene iye akuwafuna angakwanitse K10,000? Ngati sangakwanitse, yankho si kutsitsa mtengo mwachimbulimbuli koma kubwerera m'mbuyo ndi kuchepetsa masamba, kusintha pepala kapena kamangidwe. Masamu amenewa achitike ndalama ina iliyonse isanaperekedwe kwa wosindikiza.

Gawo Lachisanu ndi Chimodzi: Kufikitsa Buku kwa Owerenga

Mlembi asanasindikize adzifunse kuti anthu 100 oyamba kugula buku lake ndi ati ndipo amapezeka kuti. Yankho lakuti "Amalawi onse" silithandiza. Yankho lothandiza limatchula magulu: ophunzira a Chichewa m'sukulu za sekondale za m'boma lake, anthu a mumpingo mwake, okonda ndakatulo amene amamumva pawailesi, anzake a kukoleji. Njira yabwino yoyesera msika ndi kulengeza buku lisanatuluke ndi kulandira maoda olipiriratu kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndalamazo zimathandiza kulipira wosindikiza, ndipo chiwerengero cha olipira chimasonyeza makope oyenera kudinda. Koma wolandira ndalama za anthu asunge tsiku limene walonjeza, chifukwa mbiri ikaipa pa buku loyamba, lachiwiri limavutika.

Mwambo wokhazikitsa buku umathandiza, makamaka chifukwa kwathu kuno alendo olemekezeka amagula makope oyamba pamtengo wokwera pofuna kulimbikitsa mlembi. Komabe mwambowu usadye ndalama zoposa zimene ubweretse. Holo ya sukulu kapena ya mpingo ndi yokwanira. Ukatha mwambo ntchito imapitirira: kuyendera sukulu, kupempha mpata m'mapulogalamu a zolemba pawailesi, kutumiza makope kwa olemba za mabuku m'nyuzipepala ndi kupereka kope ku National Library Service kuti amene sangathe kugula awerengeko.

Masitolo ambiri a mabuku salipira pomwepo. Amalandira makope ndi kulipira akagulitsa. Choncho mlembi asiye makope ochepa pamalo amodzi, asainirane ndi mwini sitolo za chiwerengero, mtengo ndi tsiku lowerengerana, ndipo asunge kabuku kolembamo kope lililonse lotuluka. Abale ndi anzake opempha buku pangongole kapena ulere awauze mwaulemu kuti kugula ndiko kuthandiza.

Pa za intaneti, Facebook ndi WhatsApp ndi zida zabwino zolengezera buku ndi kuonetsa ndime zochepa zokopa owerenga. Koma PDF ya buku lonse ikatumizidwa kwa munthu mmodzi, mlembi alibenso mphamvu yoletsa kuti isafalikire m'magulu, ndipo amene ailandira ulere sagulanso. Kwa owerenga okhala kunja, monga ku United Kingdom ndi ku United States, pali makampani onga Amazon amene amadinda kope limodzi munthu akaitanitsa, kotero mlembi sasowa kutumiza makatoni. Asanadalire njirayi afufuze ngati chiyankhulo cha buku lake chikulandiridwa ndiponso mmene ndalama zake zidzamufikire kuno. Wolemba m'Chichewa akumbukirenso kuti chiyankhulochi chimamveka ku Chipata ndi ku Lusaka m'dziko la Zambia, ndiponso m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo anthu oyenda m'njira zimenezi angathe kunyamula makope ochepa kukayesa msika.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti buku loyamba limadutsa m'magawo asanu ndi limodzi, ndipo makina osindikizira amagwira gawo limodzi lokha. Magawo enawo ali m'manja mwa mlembi ndi anthu amene iye angawapemphe kapena kuwalipira. Kudzitulutsira buku sikutanthauza kugwira ntchito yonse wekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kumatanthauza kuti mlembi ndiye amasankha mkonzi, wojambula ndi wosindikiza, ndipo ndiye amayankha buku likatuluka loipa.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ife ophunzira ziyankhulo. Mabuku a m'ziyankhulo zathu ndi ochepa, ndipo buku lililonse lotuluka limasanduka chitsanzo cha kalembedwe kwa mwana amene aliwerenge. Buku lodzaza ndi zolakwika limalimbikitsa maganizo olakwika akuti Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao chingalembedwe mulimonse. Dipatimenti ya ziyankhulo ingathandize pophunzitsa luso la ukonzi ndi polola ophunzira a chaka chomaliza kukonza zolemba za alembi atsopano monga gawo la maphunziro awo. Kwa mnzathu amene zolemba zake zatha ndipo mtima uli dyokodyoko kuti aone dzina lake pachikuto, langizo ndi lakuti ayambe wapeza mkonzi, atenge ISBN, achite masamu a mtengo ndi kulemba mayina a magulu amene adzagule. Zinayi zimenezi zikatheka, apite kwa wosindikiza.